Kachilombo kotuma thupi kumanga mitsempha ya magazi

Mayi a ku Chibavi: Monile mose, mwaswera bwanji. Amene mumadziwa za chipatala ndithandizeni. Alongo anga abwera kuchokera ku Joni mwendo wakumanzere uli wotupa, wolimba gwa, nsapato sikulowa. Kuyambira pa kakolo mpaka m'munsi mwa bondo pali mawanga akuda, ena atukuka n'kukhala tizotupa tolimba, tina tikuchucha madzi. Anawadula kanyama n'kukayeza, akuti ndi khansa ya Kaposi. Chomwe chandizunguza mutu n'chakuti adokotala akuti imabwera ndi kachilombo, koma osati ka HIV. Nanga ndi kati? Ife tikudya nawo mbale imodzi, ana akuseweranso nawo. Kumudzi ayamba kale kunena kuti anaponda mankhwala chifukwa amanga nyumba ya malata.

Sista Wopuma: Pepani amayi. Choyamba ndifunse, ali pa ma ARV?

Mayi a ku Chibavi: Anayamba kalekale, koma kunjako anadukiza pafupifupi chaka. Mapepala awo sanali bwino ndiye ankaopa kupita kuchipatala. Ayambiranso mwezi watha.

Sista Wopuma: Nkhani yake ndi imeneyo. Asasiyenso ngakhale tsiku limodzi. Za kuponda mankhwalazo zisiyeni, ndipo chonde asatemedwe mphini pamwendopo. Mnofu wa Kaposi umataya magazi msanga ndipo bala lake limachedwa kupola. Ndawaonapo ambiri obwera mochedwa, mwendo uli ndi mphini mbali zonse, mafinya okhaokha.

Wa Labu: Mayi, kachilomboko dzina lake ndi KSHV, ena amati HHV-8. Ndi ka m'banja la herpes, mavayirasi aja otulutsa timatuza pamilomo. Kanapezeka mu 1994 ku Columbia University ku New York, anakapeza ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore atayeza DNA (malangizo a chibadwa okhala m'maselo) ya m'chotupa cha munthu wa Edzi n'kupezamo zidutswa zomwe sizinali za munthuyo. Nthendayo payokha ndi yakale, dokotala wa khungu Moritz Kaposi anailemba mu 1872 ku Vienna. Za mbale imodzizo musade nkhawa. Kuno ku Africa kachilomboka kamayenda kwambiri kudzera m'malovu, ndipo ambiri amakatenga ali ana. Pa gulu lino mwina ena tili nako chikhalire osadziwa. Chitetezo cha m'thupi chikakhala champhamvu kamangogona, munthu n'kukalamba nako osadwala. Chikafooka ndi pomwe kamadzuka.

Kabaza wa 1B: Aaa mwati tonse tili nako? Ine ayi bwana, ndimasamba kawiri patsiku

Wa Labu: Sindinati tonse achimwene, ndati ena. Ndipo sopo sakafika kumene kamabisalako.

Aphunzitsi a ku Katoto: Ndiwonjezere kuti Kaposi inalipo kuno HIV isanadziwike. Madokotala a ku Uganda ndi ku Congo ankaiona mwa abambo, ngakhale mwa ana, kalekale. Edzi inangoichulukitsa. Choncho si aliyense wa Kaposi amene ali ndi HIV, tisamaloze anthu chala. Koma a Labu, chomwe ine sindimvetsa ndi mtundu wa mawangawo. Khansa zina ndi chotupa basi. Iyi bwanji imada chonchi, kwa anthu oyera akuti imakhala yofiirira?

Wa Labu: Aphunzitsi mwafunsa pamene ndimapakonda, mundilole nditalikitse.

Kanyama aka ukakaika pa maikulosikopu suona mulu wa maselo wokhawokha ayi. Umaona timitsempha ta magazi tambirimbiri, topindikapindika, tomangidwa mwachangu, tosatsekeka bwino. Pakati pake pamakhala maselo aatali osongoka mbali zonse, ndi timipata todzaza maselo ofiira a magazi omwe atuluka panja pa mtsempha. Magazi otayikawo akamaphwanyika amasiya ayironi m'mnofu. Kuda mukukuonako ndi magaziwo ndi ayironiyo. Kachilomboka kamalowa m'maselo oyala m'kati mwa mitsempha, kuphatikizapo njira zomwe zimachotsa madzi m'minofu. Njirazo zikawonongeka madzi amaunjikana, mwendo n'kutupa monga akufotokozera mayiwa.

Tsono kamachita bwanji? Vayirasi ilibe manja, zida zake ndi mapuloteni. Iyi imanyamula malangizo opangira mapuloteni oposa 80, ndipo angapo mwa iwo ndi ofanana ndi athu omwe, kusonyeza kuti inawatenga kwa zamoyo zomwe yakhala ikukhalamo kuyambira makedzana. Pali ina yotchedwa LANA. Ntchito yake ndi kumangirira DNA ya vayirasi ku DNA ya selo, kuti selo ikagawikana vayirasi ipite mbali zonse ziwiri. Imasokonezanso p53, puloteni yathu yomwe imauza selo yowonongeka kuti ife. LANA yomweyi ndi imene timaifufuza m'kanyama kaja kuti titsimikize kuti ndi Kaposi. Koma yomwe ine imandichititsa chidwi ndi vGPCR. Selo yabwinobwino ili ndi zolandirira uthenga pakhungu lake, zomwe zimayaka uthenga ukabwera n'kuzima ukatha. vGPCR ndi cholandirira cha vayirasiyi, ndipo imakhala choyaka usana ndi usiku popanda woituma. Selo yotere imayamba kutulutsa VEGF yambiri, ndipo VEGF ndi uthenga womwe thupi limatumiza likafuna mitsempha yatsopano, monga pabala kapena mwana akamakula m'mimba. Palinso vIL-6 yomwe imawonjezera moto womwewo. Mu 1998 ofufuza anaonetsa kuti vGPCR imayambitsa VEGF, ndipo patapita zaka zochepa ena anaika puloteni imodzi yokhayi mu mbewa, mbewazo n'kutuluka zotupa zofanana ndi Kaposi.

Kabaza wa 1B: Mbewa zimenezo a ku Dedza asazione, azipanika pa ndodo n'kuzigulitsa pamsewu

Admin: A Kabaza, pali odwala pano. Nthabwala pang'ono pang'ono.

Aphunzitsi a ku Katoto: Ndiye kuti zili ngati munthu wolowa pa puloti ya eni ku Nkhorongo, n'kulumikiza mipope ya madzi usiku, mapaipi otchipa, majointi osamata, madzi n'kumangotayika pabwalo, bilu n'kupita kwa mwini puloti.

Wa Labu: Ndendende aphunzitsi.

Mchemwali wa ku Zolozolo: Ndiye zikugwirizana ndi zomwe ndimauza anthu! Ine ndili ndi makapisozi ochokera kunja, achilengedwe, amatseka mitsempha yodyetsa khansa, khansayo n'kufa ndi njala. Botolo limodzi mwezi wonse. Mayi a ku Chibavi ndipezeni ku inbox.

Sista Wopuma: Mwana wanga, makapisozi akowo analembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala? Tumiza chithunzi cha botolo tione.

Mchemwali wa ku Zolozolo: Si mankhwala a chipatala sista, ndi zowonjezera m'thupi. Anthu akuchitira umboni.

Aphunzitsi a ku Katoto: Achemwali, mawu akuti kupha khansa ndi njala si abodza, koma ali ndi eni ake ndipo mbiri yake ndi yowawa. Anayambitsa ndi Judah Folkman, dokotala wa maopaleshoni ku Boston, mu 1971. Iye ananena kuti chotupa sichingakule kupitirira milimita imodzi kapena ziwiri popanda kukoka mitsempha yakeyake, choncho ukatseka mitsempha watseka chotupa. Anzake ambiri sanamukhulupirire kwa zaka. VEGF yomwe a Labu akunenayi Napoleone Ferrara anaipatula mu 1989 ku kampani ya Genentech. Mankhwala oyamba otseka VEGF, bevacizumab, amene pamsika amati Avastin, anavomerezedwa ku America mu 2004. Werengani nokha, zaka 33 kuchokera pa ganizo kufika pa botolo. Pakati apo mu 1998 nyuzipepala za ku America zinachita chikondwerero kuti khansa yatha chifukwa mankhwala awiri a mu labu ya Folkman anafafaniza zotupa mu mbewa. Mwini wake anachenjeza kuti amene angathandizidwe bwino pa nthawiyo ndi mbewa yodwala khansa. Atawayesa pa anthu zotsatira zinali zochepa zedi. Nthawi yomweyo amalonda anagulitsa ufa wa chichereŵechereŵe cha shaki ndi mawu anu omwewa, oti umatseka mitsempha. Utayesedwa bwinobwino pa odwala khansa sunatalikitse moyo wa munthu.

Mchemwali wa ku Zolozolo: Inu mumangokhulupirira za azungu. Makolo athu ankachira ndi mitengo.

Sista Wopuma: Mitengo sitikuikana. Vincristine amene tinkabaya odwala Kaposi zaka zonsezi amachokera ku kaduwa ka ku Madagascar, kaja ka maluwa apinki ndi oyera komwe kamamera pakhomo pa anthu ambiri muno mu Mzuzu. Paclitaxel, mankhwala enanso a khansa, anamupeza mu khungwa la mtengo wa ku America. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu anakhala pansi, n'kupatula chomwe chikugwira ntchito, n'kupeza mlingo wake. Ndipo wina asakathyole kaduwa kaja kuti awiritse, ndi poizoni.

Admin: Malonda a mankhwala pa gulu lino ayi. Achemwali, uthenga wa inbox uja ndaufufuta. Kukambirana pitirizani.

Mayi a ku Chibavi: Yewo nonse, ndikuwerenga ngakhale zina zikundipitirira. Ndiye Avastin ameneyu ndi amene alongo anga akufunika? Tigulitse ng'ombe?

Wa Labu: Ng'ombe isiyeni m'khola mayi. Pamapepala zimaoneka ngati Avastin ndiye yankho, poti Kaposi ndi mitsempha yokhayokha. Koma atamuyesa ku National Cancer Institute ku America pa kagulu kochepa ka odwala Kaposi, amene zotupa zinachepa anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Chifukwa chake n'chakuti vayirasi siyenda njira imodzi. Ukatseka VEGF, mauthenga ena amapitirira. Komanso thupi limafuna VEGF pa ntchito zake, ndiye mankhwalawa amakweza BP, amachedwetsa mabala kupola, ena amataya magazi. Kumene wathandiza kwambiri ndi ku maso. Madokotala a maso amabaya kadontho kochepa m'diso la munthu amene mitsempha yosafunika ikumera kumbuyo kwa diso, monga odwala shuga.

Kwa alongo anu, maziko ndi ma ARV. Chitetezo chikabwerera chimayamba kusaka maselo omwe muli vayirasi. Amene ali ndi mawanga ochepa nthawi zambiri ma ARV okha amakwanira. Koma mwendo ukatupa chonchi, kapena zikafika m'kamwa ndi m'mapapo, amawonjezera mankhwala a khansa a m'diripi. Adokotala awo ndi amene aone.

Sista Wopuma: Ndiwonjezere ziwiri zomwe a Labu sangazione pa maikulosikopu. Munthu akangoyambiranso ma ARV, masabata oyambirira mawanga atha kuwonjezeka kapena kutupa kukula. Apa ndi pamene achibale amati mankhwala akumupweteka, n'kumuletsa. Ayi, m'tengereni kuchipatala akamuone, asasiye. Chachiwiri, prednisolone ndi dexamethasone, timapilitsi tija anthu amagula pa okala akamva kuphwanya m'thupi, timakolezera Kaposi. Asamwe pokhapokha atalemba dokotala wodziwa kuti ali ndi nthendayi. Muziwayang'ananso kumwamba kwa m'kamwa ndi tochi ya foni. Akayamba kutsokomola kosatha kapena kubanika, musadikire tsiku la sikelo yawo.

Mayi a ku Chibavi: Prednisolone ali naye m'chikwama, anagula ku Joni. Ndikukamulanda pompano.

Sista Wopuma: Ngati akhala akumwa tsiku ndi tsiku kwa masabata, asasiye mwadzidzidzi, zimenezonso n'zoopsa. Mawa m'mawa pitani nalo paketilo mukawaonetse adokotala, iwo akuuzani kasiyidwe kake.

Kabaza wa 1B: Funso langa ndi ili. Ngati vuto ndi kachilombo, bwanji osangopanga mankhwala opha kachilomboko basi, ngati momwe anachitira ndi HIV? Kapena poti ikupha ife akuda ndiye alibe nazo ntchito?

Wa Labu: Mbali ina mwalasa, mbali ina ayi. Mankhwala a mavayirasi a herpes alipo, monga ganciclovir, koma amagwira vayirasi pamene ikuswana. M'chotupa cha Kaposi maselo ambiri ali ndi vayirasi yogona, yongotulutsa mapuloteni ochepa ngati LANA, ndiye mankhwalawo sapeza pogwira. N'chifukwa chake ofufuza akulimbana ndi kupeza kanthu komwe kangamasule LANA pa DNA, kapena kuzimitsa vGPCR. Zikadali mu labu. Katemera wa KSHV palibenso. Pa ndalama ndiye mukunena zoona. Kumayiko olemera Kaposi inachepa kwambiri ma ARV amphamvu atabwera mu 1996, msika wake n'kuchepa. Kuno ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo mpaka lero Kaposi ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa abambo a ku Malawi. Kampani imayang'ana amene agule. Kupanga mankhwala amodzi kumatenga zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa khumi omwe amafika poyesedwa pa anthu, pafupifupi asanu ndi anayi amagwera m'njira.

Aphunzitsi a ku Katoto: N'chifukwa chake ambiri omwe akuthandiza pa Kaposi ndi mankhwala obwereka ku matenda ena. Nkhani ya thalidomide imandizizira m'nkhongono nthawi zonse. Anayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1957 ngati mankhwala ogonetsa, amayi oyembekezera n'kumamwa poletsa mseru. Ana oposa 10,000 anabadwa manja ndi miyendo yosakula, mpaka anawachotsa pamsika mu 1961. Mu 1994 Robert D'Amato, wa mu labu ya Folkman yomwe ija, anaonetsa kuti thalidomide amaletsa mitsempha yatsopano kumera. Chomwe chinali tsoka kwa mwana wosabadwa chinapatsa anthu nzeru pa khansa. Mdzukulu wake wa mankhwalawo, pomalidomide, anavomerezedwa ku America pa Kaposi mu May 2020. Ndi akumwa, osati a diripi.

Wa Labu: Ndipo kafukufuku amene anadalira anali wa anthu 28 okha. Mwa 18 omwe anali ndi HIV, 12 zotupa zinachepa. Mwa 10 opanda HIV, 8. Sagwira pa mitsempha pokha. Vayirasi ili ndi mapuloteni awiri, K3 ndi K5, omwe amachotsa zizindikiro pakhungu la selo kuti asilikali a m'thupi asaizindikire, ndipo mu labu pomalidomide waoneka kuti amathandiza zizindikirozo kubwerera. Koma woyembekezera sayenera kuwayandikira n'komwe, ndipo mtengo wake si wa thumba la munthu wamba.

Sista Wopuma: Akumwa akanatipepukira ife a kumpoto. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Usisya kuti abwere ku Mzuzu masabata atatu alionse kudzalandira diripi, mwendo uli chotupa, thiransipoti yake ndi ya iye ndi womudikirira. Ambiri amalekera panjira, osati chifukwa cha mwano, koma ndalama.

Kabaza wa 1B: Koma zoyesa mankhwala pa anthuzi ine zimandikayikitsa. Amabwera ndi magalimoto oyera, kutenga magazi, kupita nawo kwawo. Kusiyana kwake ndi anamapopa n'chiyani?

Wa Labu: Achimwene, mawu amenewo anaphetsa anthu osalakwa m'dziko muno, tisamaseweretse. Kafukufuku aliyense wa pa anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku Blantyre. Munthu amafotokozeredwa m'chilankhulo chake, amasaina yekha, ndipo atha kutuluka tsiku lililonse osataya chithandizo chake. Phindu lake ndikupatseni chitsanzo cha Kaposi yemweyu. Kwa zaka zambiri kuno tinkadalira bleomycin ndi vincristine chifukwa ndi otchipa. Panachitika kafukufuku wamkulu m'mayiko a mu Africa ndi ku Brazil, Malawi ali momwemo, zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2020. Patatha masabata 48, mwa olandira paclitaxel ndi ma ARV, 64 pa 100 alionse nthenda inali isanapitirire, pamene mwa olandira bleomycin ndi vincristine anali 44. Popanda Amalawi omwe analola kulowa nawo, bwenzi tikungoganizira.

Aphunzitsi a ku Katoto: Komabe a Kabaza ali ndi kamfundo. Funso loti mankhwala akapezeka kuti ndi abwino, anthu omwe anayesedwawo ndi abale awo adzawapeza pa shelefu, ndi lofunika kulifunsa mokweza. Ndipo kafukufuku wambiri wa khansa ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuno tili ndi Mzuni, tili ndi chipatala chachikulu, ku Chilumba kwakhala kafukufuku wa zaumoyo zaka zambirimbiri. Ana athu a sayansi asamangothera pa kutenga magazi n'kutumiza kwina, azifunsanso mafunso awoawo.

Mlimi wa ku Lusangazi: Ndakhala chete ndikuwerenga. Zoti kachilombo kamameretsa mitsemphazi zandikumbutsa mbuzi zanga. Nthawi zina ana a mbuzi amatuluka zilonda zokhakhala pamilomo, nkhanambo zokhuthala, ukachotsa pansi pake pofiira pamatuluka magazi ambiri. Amalephera kuyamwa. Chaka china ine ndinatuluka chotupa chofiira pachala nditawapaka mankhwala. Ndi Kaposi wa mbuzi?

Wa Labu: Ayi adada, si Kaposi, koma mwatifikitsa pabwino. Zomwe mukufotokozazo zikufanana ndi orf, vayirasi ya mbuzi ndi nkhosa, ya banja lina, la nthomba. Alangizi a ziweto ndi amene angatsimikize. Chodabwitsa n'chakuti iyi siituma selo kupanga VEGF monga imachitira KSHV. Ili ndi VEGF yakeyake, anaipeza ofufuza a ku New Zealand mu 1994, dziko la nkhosa zambiri, ndipo pano imatchedwa VEGF-E. N'chifukwa chake zilondazo zimadzaza magazi chotero. Si khansa, mwa munthu wa chitetezo chabwino chimapola chokha pakatha masabata ngati asanu ndi limodzi. Tsono ofufuza omwewo anatembenuza funso. Pa khansa tikufuna kutseka mitsempha, koma pali mabala osapola omwe vuto lake ndi kuchepa kwa mitsempha. Akhala akuyesa puloteni ya vayirasi ya mbuziyi pa mabala a nyama kuti aone ngati ingafulumizitse kupola. Pa anthu sinafike.

Sista Wopuma: Bala la shuga la kuphazi limatha chaka likutsukidwa. Atapeza chothandiza pamenepo ndingavine.

Mlimi wa ku Lusangazi: Chala chinapoladi chokha, kanatsala kachipsera. Ndiye ndizitani zikabweranso?

Sista Wopuma: Valani magolovesi, akasowa ngakhale jumbo kumanja, makamaka ngati muli ndi bala. Zodwalazo muzipatule, ndipo ana asamazigwire kukamwa. Nkhanambo zogwa pansi zimasunga kachilomboko nthawi yaitali, muzisesa m'khola n'kuwotcha.

Kabaza wa 1B: Adada a ku Lusangazi, mbuzi zimenezo mumagulitsa kwa a kanyenya ati m'tauni muno? Ndikufuna ndidziwe poti ndizidutsa mothamanga

Mlimi wa ku Lusangazi: Zanga zonse zili bwino pano. Inu bwerani Loweruka ndi njinga yanuyo mudzanyamule ziwiri, ndikulipirani.